Wopinimbira ndi Wonenepa Akudyera M'mbale Imodzi: Maganizo pa Lipoti la UNICEF la 2025

Mu Seputembala 2025 bungwe la UNICEF lidatulutsa lipoti lotchedwa Feeding Profit. Dzina lokhalo likuneneza kale makampani opanga zakudya kuti chomwe chikudyetsedwa n'kunenepa ndi phindu lawo, pamene thanzi la ana likulowa pansi. Manyuzipepala ndi mawailesi adatolamo mfundo imodzi n'kuthamanga nayo: kwa nthawi yoyamba, pakati pa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 19, onenepa mopitirira muyeso achuluka kuposa owonda mopitirira muyeso. M'chaka cha 2000, owonda anali pafupifupi 13 mwa 100 alionse, onenepa kwambiri anali 3 okha. Pofika 2025 owonda adatsika kufika pa 9.2 pamene onenepa kwambiri adakwera kufika pa 9.4, omwe ndi ana pafupifupi 188 miliyoni. Madera awiri okha ndiwo sadafike pamenepo: kumwera kwa Asia, ndi maiko a mu Africa a kumwera kwa chipululu cha Sahara. Ndiye kuti kwathu kuno.

Ndawerenga lipotili ngati munthu wa m'dera lomwe laikidwa pambalilo. Maganizo anga ndi akuti ndi lipoti lolimba mtima ndipo lanena zoona pa za wolakwa. Koma mfundo yake yotchukayo, ikafika ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete, ingasocheretse anthu m'njira ziwiri. Ena aganiza kuti njala yatha. Ena aganiza kuti kunenepa kwa ana ndi vuto la eni ake, ife silikutikhudza. Onsewo alakwa, ndipo kulakwa kwawo kudzalipiridwa ndi mwana mmodzi yemweyo.

Ndiyambe ndi zomwe lipotili lachita bwino. Kwa zaka zambiri uphungu wa kadyedwe wakhala ukuloza chala kwa mayi. Mwana akanyentchera, kusikelo funso limakhala lakuti amayi mukumudyetsa chiyani mwanayu. Akanenepa kwambiri, akuti makolo akumulekerera. Lipotili latembenuza chalacho n'kuloza pamsika. Likuti mwana amadya chomwe chili pafupi, chotsika mtengo ndi chomwe chalengezedwa kwambiri, ndipo zitatu zonsezi sasankha ndi mayi. Bungweli lidafunsa achinyamata 64,000 a zaka 13 mpaka 24 m'maiko oposa 170. Atatu mwa anayi alionse adati m'sabata yapitayo adaona malonda a zakumwa zashuga, tokhwasula kapena zakudya zogula zophikaphika, ndipo 60 mwa 100 adati malondawo adawapatsa nkhwiru. Mayi wogulitsa tomato pamsika sangapikisane ndi chikwangwani chachikulu cha pamphambano, ngakhale atalangizidwa maka.

Izi si nkhambakamwa. Mu 2024 bungwe la ku Switzerland la Public Eye, pamodzi ndi la IBFAN, lidayeza phala la makanda la Cerelac ndipo lidapeza kuti lomwe limagulitsidwa m'maiko osauka, kuphatikizapo a mu Africa, limathiridwa shuga, pamene lofanana nalo la ku Germany ndi ku Britain silithiridwa. Kampani ya Nestlé idayankha kuti imatsata malamulo a dziko lililonse. Yankholo ndilo likutsimikiza mfundo ya UNICEF: komwe lamulo lili lofooka, lilime la khanda limaphunzitsidwa kutsekemera lisanaphunzire kulankhula.

Tsopano vuto. Mfundo yakuti onenepa aposa owonda yaima pa muyeso umodzi, woyerekeza kulemera kwa mwana ndi msinkhu wake. Muyesowu umaona mwana wolemera kwambiri poyerekeza ndi kutalika kwake, umaonanso wopepuka kwambiri poyerekeza ndi kutalika kwake. Koma suona mwana amene njala idamudya msinkhu womwewo. Mwana wa zaka khumi amene akuoneka ngati wa zaka zisanu ndi ziwiri, wamfupi komanso wopepuka mofanana, amadutsa pa muyesowu ngati wabwinobwino. Njala ya kwathu kuno nthawi zambiri ndi yoteroyo. Siwondetsa mwana mpaka nthiti kuonekera, imangomupinimbiritsa mwakachetechete.

Ziwerengero za ku Malawi zikuonetsa zimenezi poyera. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015-16 adapeza kuti mwa ana osakwana zaka 5, owonda moopsa anali 3 okha mwa 100, koma opinimbira anali 37. Ana 63 mwa 100 anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Mwa makanda a miyezi 6 mpaka 23, asanu ndi atatu okha mwa 100 ndiwo ankadya mokwanira molingana ndi muyeso wotsikitsitsa wa kadyedwe koyenera. Munthu atangoyang'ana chiwerengero cha owonda, angati Malawi adathana ndi njala. Padziko lonse nkhani ndi yomweyo: ziwerengero za 2024 za mabungwe a United Nations zikuti ana osakwana zaka 5 opinimbira ndi pafupifupi 150 miliyoni, pamene onenepa a msinkhu womwewo ndi pafupifupi 35 miliyoni.

Olemba lipotili akudziwa zonsezi ndipo sadabise. Akunena kuti kupinimbira ndi kuwonda kukadali vuto lalikulu pakati pa ana aang'ono m'maiko osauka. Chomwe ndikuwadzudzula ndi kusankha kwawo chokweza pamwamba. Lipoti lalitali limawerengedwa ndi anthu ochepa, koma mutu wa nkhani umafika kwa nduna, kwa aphungu ndi kwa omwe amagawa ndalama za chithandizo. Lipotili lidatuluka m'chaka chomwe boma la America lidatseka bungwe la USAID ndipo maiko ena olemera ankadula thandizo lawo. Chaka chimodzi m'mbuyomo, mu Malichi 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 a dziko la Malawi agwa m'ngozi chifukwa cha chilala cha El Niño, ndipo Zambia ndi Zimbabwe adalengezanso chimodzimodzi. M'nyengo yotere, kuuza dziko kuti kunenepa kwaposa kuwonda kuli ngati kupatsa chifukwa munthu amene amafuna kale kubweza dzanja.

Kulakwa kwachiwiri ndi kwathu. Titamva kuti dera lathu silidafike pamenepo, n'kosavuta kupumira m'mwamba n'kunena kuti za kunenepa tidzaziona tikadzakhuta. Amene akuganiza choncho ayang'ane ku South Africa. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2016 adapeza kuti ana 27 mwa 100 osakwana zaka 5 kumeneko anali opinimbira, ndipo 13 mwa 100 a msinkhu womwewo anali olemera mopitirira muyeso. Amayi 68 mwa 100 anali onenepa mopitirira muyeso. Dziko lokhala ndi masitolo akuluakulu kuposa ena onse m'chigawo chino silidachoke pa njala kupita pa kukhuta. Lidasenza zonse ziwiri. M'nyumba imodzi ya ku Soweto kapena ku Khayelitsha mungapeze mayi wodwala shuga ndi mwana wosakula bwino, onse akudya buledi woyera, nsima ya ufa wa m'sitolo ndi zakumwa zotsekemera. Masitolo omwewo, ndi zakudya zomwezo, akhala akufalikira m'matauni a Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi. Ku Malawi amayi onenepa mopitirira muyeso adachoka pa 10 mwa 100 mu 1992 kufika pa 21 mu 2015-16, ndipo m'matauni anali 36. Ana osakwana zaka 5 olemera mopitirira muyeso anali kale 5 mwa 100, kuposa owonda moopsa aja.

Apa ndi pomwe ndikadakonda lipotili likadazika mizu yake. Kupinimbira ndi kunenepa si mbali ziwiri za sikelo zoti ina ikatsika ina ikwere. Nthawi zambiri china chimabala chinzake. M'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, kumadzulo kwa dziko la Netherlands kudagwa njala yoopsa chifukwa cha nkhondo. Patapita zaka, ofufuza adapeza kuti anyamata omwe amayi awo adagwidwa ndi njalayo mimba ili yaing'ono ankanenepa kwambiri atakula kuposa anzawo. Dokotala wa ku Britain David Barker adaonetsanso m'zaka za m'ma 1980 kuti ana obadwa ochepa thupi amakhala pa chiopsezo chachikulu cha matenda a mtima akakula. Thupi lomwe lidasowa chakudya lili m'mimba kapena lili khanda limakula ndi minofu yochepa ndi ziwalo zomwe sizidakhwime mokwanira. Likadzakumana ndi shuga ndi mafuta ambiri, limalephera kusenza katunduyo. Magazini ya zachipatala ya The Lancet idasonkhanitsa umboni wotere mu Disembala 2019 ndipo idalimbikitsa njira zothana ndi mavuto awiriwa pamodzi. Tanthauzo lake kwa ife ndi loopsa. Ana 37 mwa 100 aja, omwe anali opinimbira mu 2016, lero ali kusukulu ndipo ali ndi kandalama kogulira tokhwasula pa buleki. Ndi iwowo amene adzadzaze mizere ya odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi m'zipatala zathu. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba.

Pali chinanso chomwe lipoti lolembedwera dziko lonse silingachigwire, ndicho chilankhulo. M'Chichewa mawu akuti wanenepa ndi chiyamikiro. Mwana akabwera kutchuthi kuchokera kutauni, agogo ake amamugwira masaya n'kunena kuti akumusunga bwino kumeneko. Khanda lonenepa ndi ulemu wa mayi ake pamaso pa apongozi. Tilibe liwu limodzi la nthenda ya kunenepa, n'chifukwa chake timachita kuwonjezera kuti mopitirira muyeso, ngati tikupepesa. Koma mawu a kusowa tili nawo ambiri: kuwonda, kunyentchera, kupinimbira, kutupikana. Ndipo amene adaona zaka za m'ma 1990 sadaiwale dzina lakuti kaliwondewonde. M'masiku amenewo, mankhwala otalikitsa moyo asanafike m'zipatala za boma, kuwonda kunali chizindikiro cha imfa ndi manyazi, ndipo thupi lodzaza linali umboni wakuti munthu ali bwino. Sindikuona ngati maganizo amenewa ndi umbuli. Adabadwa m'njala ya 1949, ya 2002 ndi m'maliro a Edzi. Mlangizi wa zaumoyo amene angauze agogo kuti mdzukulu wawo wanenepa kwambiri akulimbana ndi chikumbumtima cha mtundu wonse, ndipo chikwangwani chomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi sichingamuthandize.

Komanso tivomereze kuti nkhondo yolimbana ndi kunyentchera idatiphunzitsa zina zomwe lero zikutitembenukira. Zambia idayamba kuthira vitamini A mu shuga mu 1998, ndipo Malawi adatsatira pambuyo pake. Cholinga chinali chabwino: shuga amalowa pafupifupi m'nyumba iliyonse, ndipo kusowa kwa vitamini A kunkachititsa ana khungu ndi kufooketsa chitetezo chawo. Koma taganizani uthenga womwe mayi adalandira. Paketi ya shuga ili ndi chizindikiro cha thanzi. Uphungu wakuti phala la mwana lithiridwe mafuta ndi shuga kuti likhale ndi mphamvu adaumva kusikelo. Chiponde, chomwe chapulumutsa ana ambirimbiri onyentchera ndipo njira yochiperekera kunyumba idayesedwa ku Malawi koyambirira kwa zaka za m'ma 2000, ndi mtedza, mkaka, mafuta ndi shuga. Kwa mwana amene ali pafupi kufa, amenewo ndi mankhwala. Koma mayi yemweyo tsopano akuuzidwa kuti shuga ndi mdani. Ngati azaumoyo salongosola kusiyana kwake mosamala, mayiyo adzaona ngati akusewera naye, ndipo adzakhala ndi chifukwa.

Nanga mayankho omwe lipotili likupereka? Likufuna malamulo okakamiza kulemba machenjezo pa mapaketi, kuletsa malonda olunjika kwa ana, misonkho pa zakudya zowononga, kuchotsa zakudya zotere m'sukulu, kutchinga makampani kuti asalowerere popanga malamulo, ndi kuthandiza mabanja osauka ndi ndalama. Zambiri mwa izi zidayesedwa kale. Chile idayamba kuika zizindikiro zakuda zochenjeza pa mapaketi mu 2016. Mexico idaika msonkho pa zakumwa zashuga mu 2014, ndipo mu 2025 idaletsa kugulitsa tokhwasula ta m'fakitale m'sukulu. Kufupi kuno, South Africa idayamba msonkho wake pa 1 Epulo 2018, wa masenti 2.1 pa galamu iliyonse ya shuga yopitirira magalamu 4 mu mamililita 100. Ofufuza adapeza kuti shuga yemwe mabanja ankagula kudzera m'zakumwa zokhomeredwa msonkhozo adatsika ndi pafupifupi theka, mwa zina chifukwa makampani adachepetsa shuga m'mabotolo kuti athawe msonkho. Pamene boma lidafuna kukweza msonkhowo, alimi a nzimbe ndi makampani a shuga adadandaula za ntchito ndipo kukwezako kudaimitsidwa. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Eswatini nawonso ndi maiko a nzimbe. Aliyense wofuna msonkho wotere kuno adziwiretu kuti akalimbana ndi minda ya ku Nchalo, ku Dwangwa ndi ku Mazabuka, komanso anthu masauzande omwe amadyera pamenepo.

Mayankhowa ndi abwino, koma ali ndi malire. Mawu omwe lipotili laimapo ndi akuti zakudya zopangidwa mopitirira muyeso m'fakitale, gulu lomwe lidachokera ku ntchito ya Carlos Monteiro ndi anzake ku Brazil cha m'ma 2009. Gululi limagwira bisiketi, maswiti, zakumwa za m'botolo ndi timapaketi ta chimanga chofufumitsa tomwe timadetsa zala za ana. Koma pitani pageti la sukulu ya pulayimale ku Ndirande kapena ku Chawama. Pambali pa timapaketito pali mandasi, zigege, tchipisi cha pachiwaya chokazingidwa m'mafuta obwerezabwereza, ndi mafilizesi omangidwa m'timapepala ta pulasitiki. Zimenezi zilibe paketi yolembapo chenjezo, sizilengezedwa pa wailesi ya kanema, ndipo msonkho suzifika. Wogulitsa wake si kampani ya ku Ulaya. Ndi mayi wa m'dera lomwelo amene akusaka ndalama ya ufa ndi fizi, ndipo mwina mwana wake ndi mmodzi mwa opinimbira aja. Nkhani ya kampani yaikulu yodyera ana masuku pamutu ndi yoona, koma ndi yosavuta kuifotokoza chifukwa woipa wake akuoneka. Nkhani ya pageti ilibe woipa. Kuthamangitsa mayi wa mandasi n'kuwonjezera njala m'nyumba ina.

Malire achiwiri ndi mtengo. Ku South Africa mu 2024 ndalama yomwe boma limapereka pothandiza mwana inali R530 pamwezi, pamene ndalama yochepetsetsa yoti munthu mmodzi agulire chakudya chokwanira mphamvu za thupi pamwezi inali R796. Mayi wolandira R530 amadziwa bwino kuti dzira, mkaka ndi zipatso n'zabwino. Amagula ufa, mafuta, shuga ndi buledi chifukwa ndizo zimafika kumapeto kwa mwezi ndi kutontholetsa mwana. Ku Malawi ana amaloweza magulu asanu ndi limodzi a zakudya, koma mbale ya kunyumba ndi nsima yambiri ndi kandiwo kongopakira. Kwa zaka pafupifupi makumi awiri gawo lalikulu la ndalama za ulimi lakhala likupita ku feteleza wotsika mtengo wa chimanga. Nyemba, nandolo, mtedza, soya, nsomba ndi nkhuku zakhala zikulandira nyenyeswa. Tidasankha kudzaza mimba, ndipo tsopano fakitale yabwera kudzadzaza mimba yomweyo motsika mtengo komanso mokoma. Kukweza mtengo wa choipa popanda kutsitsa mtengo wa chabwino n'kulanga wosauka kawiri. Lipotili latchula zothandiza mabanja ndi kutsitsa mitengo ya zakudya zabwino, koma mtima wake uli pa kumanga manja a makampani. Kuno kwathu ndikadasinthanitsa ndondomekoyo.

Zoyambira tili nazo. Bungwe la Mary's Meals, lomwe lidayambira ku Malawi mu 2002, limapereka phala kwa ana a sukulu oposa miliyoni imodzi m'dzikomo, ndipo boma la South Africa limadyetsa ophunzira oposa 9 miliyoni. Mphika wa kusukulu ndi malo amodzi pomwe boma lingamenye mavuto onse awiri ndi chikho chimodzi: mwana wokhuta phala la soya sathamangira pageti ndi njala. Amayi ogulitsa pageti angalowetsedwe m'ndondomekoyo m'malo mothamangitsidwa, kuti mtedza wokazinga, mbatata yophika, nthochi, chimanga chootcha ndi chikondamoyo cha mgaiwa zipeze msika wodalirika. Kusikelo, muyeso wa msinkhu upatsidwe ulemu wofanana ndi wa kulemera, ndipo mlangizi aphunzitsidwe kuona mzere wokwera mofulumira monga amaonera wotsika. Ndipo uthenga ulembedwe m'Chichewa kuyambira pachiyambi, ndi anthu odziwa kuti bonongwe, chisoso ndi nkhwani wotendera si ndiwo za osowa, komanso kuti masuku, malambe ndi bwemba zinali tokhwasula tathu fakitale isanabwere.

Feeding Profit ndi lipoti loyenera kuwerengedwa ndi aphungu a nyumba za malamulo m'chigawo chino, makamaka chifukwa malamulo oteteza ana ndi osavuta kuika msika usanakhwime kuposa pamene makampani azika kale mizu. Koma aliwerenge atagwira kafukufuku wa dziko lawo kudzanja lina. Mpikisano wa pakati pa owonda ndi onenepa womwe wakopa dziko ndi wa pa pepala chabe. M'mudzi ndi m'komboni, mwana wopinimbira ndi mwana wonenepa ndi apachibale, amabadwa kwa mayi mmodzi, ndipo chomwe onse awiri akusowa ndi ndiwo.